Seva ikagwa kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, aidzutsa ndani?

Mwezi wa Febuluwale chaka china ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera kumapiri a Ntchisi, kunja kuli mvumbi. Anali atandiimbira dzulo lake kuti kompyuta yaikulu ya pa chipatala china chaching'ono yafa. Ndinapeza anthu atadzaza pakhonde, mabuku awo a kuchipatala ali m'majumbo kuopa kunyowa, akalaliki akulemba mayina pamanja m'kaundula wakale. Seva, kompyuta yaikuluyo, inali m'kachipinda kuseri kwa mosungira mankhwala, mabatire anayi ali pansi pa tebulo. Sinafe ayi. Mafani ake ankazungulira, kagetsi kobiriwira kakuyaka. Nditalumikiza sikirini ndinaona mizere ya zilembo zoyera, ndipo chakumunsi kunali mawu akuti Kernel panic. Ndinaithimitsa n'kuiyatsanso. Pasanathe mphindi zinayi zonse zinabwerera m'chimake. Makina amene ankangofuna chala chimodzi anadikira munthu tsiku ndi theka, ndipo nthawi yonseyo odwala ankadikira nawo.

Mafunso otsatirawa ndi amene achinyamata ophunzira zamakompyuta, komanso oyang'anira zipatala ndi maofesi, akhala akundifunsa ndikafotokoza nkhani imeneyi.

Kodi kernel n'chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi mzere wa odwala pakhonde?

M'kompyuta mumakhala mapulogalamu ambiri ofuna zinthu zomwezo nthawi imodzi. Ina ikufuna malo mu memori, ina ikufuna kulemba pa disiki, ina ikufuna kutumiza uthenga pa netiweki. Palibe imene imaloledwa kukadzitengera yokha. Zonse zimapempha kwa kernel, pulogalamu imene imayamba kudzuka makina akayatsidwa n'kukhala yogawa chilichonse. Amene anagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya ku Mponela kapena ku Madisi aganize za kapitawo. Iye salima, koma makasu, feteleza, ngolo ndi nthawi zimadutsa m'manja mwake. Tenanti mmodzi akadwala, ntchito imapitirira. Kapitawo akasokonezeka, munda wonse waima.

Maseva ambiri padziko lapansi amayendera Linux, kernel imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Kwathu kuno Linux inalowa m'zipatala kalekale. Mu 2001 Gerry Douglas anayamba kuika makompyuta ogunda ndi chala pa sikirini m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central Hospital, ndipo ntchitoyo ndi imene inabala bungwe la Baobab Health Trust. Kuseri kwa masikiriniwo kunali seva ya Linux ndi mabatire osunga moto. Njirayi inafalikira m'zipatala zambiri za m'maboma, makamaka kumene amapereka ma ARV. Kapepala kokhala ndi timizere takuda kamene amamata pa buku lanu la kuchipatala kamachokera m'makina a mtundu umenewu. Kernel ya seva ikaima, kapepalako sikatuluka, ndipo mbiri ya mankhwala anu sioneka.

Nanga akatswiri akati seva yopirira zovuta, amatanthauza kuti siiwonongeka?

Ayi. Chilichonse chopangidwa ndi manja chimawonongeka. Tikutanthauza kuti chigawo china chikafa, ntchito siima, kapena ikaima imadzukanso yokha mosataya zimene zinalembedwa kale.

Pali milingo yake. Pamwamba penipeni pali makina onga amene kampani ya Tandem ya ku California inayamba kugulitsa mu 1976 ndi dzina loti NonStop, ndi ena a kampani ya Stratus, momwe zigawo zimakhala ziwiriziwiri zofanana, kotero china chikafa chinzake chimangopitiriza wogwiritsa ntchito osazindikira. Amenewa ndi a mabanki akuluakulu ndi misika ya masheya, ndipo mtengo wake si wa thumba la khonsolo. Pakati pali maseva awiri kapena atatu wamba olumikizana, oti ina ikagwa inzake itenge ntchito. Pansi pali seva imodzi yokhala ndi madisiki awiri, mabatire, ndi kernel yokonzedwa bwino. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, zipatala, masukulu ndi ma SACCO ambiri akakhala ndi seva amakhala pa mlingo wachitatuwu, ndipo ndi pamene kukonza kernel kumapindula kwambiri, poti palibenso china chotchinjiriza.

Jim Gray, yemwe ankagwira ntchito ku Tandem komweko, anafufuza mu 1985 chimene chinkagwetsa makina awo olimbawo. Anapeza kuti pa kugwa 100 kulikonse, 42 kunkachokera kwa anthu oyendetsa ndi kukonza makinawo, pomwe 18 kokha ndi kumene kunkachokera ku zitsulo zowonongeka. Chiwerengero chimenechi ndimachikumbukira nthawi zonse ndisanagwire fayilo iliyonse pa seva ya anthu.

Ngati anthu ndiwo amawononga, bwanji osangosiya kernel mmene anaikonzera eni ake?

Zambiri muzisiyedi. Kernel ya Linux ili ndi mfundo zoposa chikwi zimene munthu angasinthe, ndipo zimene ine ndimagwira pa seva ya kumudzi sizifika khumi. Koma zochepazo n'zofunika chifukwa olemba kernel anasankha poyambira poganizira makina amene ali ndi katswiri chipinda chotsatira, magetsi osathima, ndi netiweki yosadukaduka. Kwa munthu wotere, kernel ikasokonezeka ndi bwino iime chilili kuti iye abwere adzawerenge chalakwika. Kwa ife katswiriyo ali ku boma kapena ku Lilongwe, mafuta a galimoto kulibe, ndipo mtsinje wadzaza.

Za magetsi sindikufunika kukuuzani zambiri. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi a kumeneko sanabwerere mpaka mu 2023. Amene ankasamala maseva nthawi imeneyo anaona mabatire akufa msanga chifukwa sankapeza mpata wodzaza. Kuphatikiza apo, kumapiri kuno mphenzi sizisowa m'dzinja, ndipo mu Okutobala fumbi limatseka mafani mpaka makina kutentha.

Kusinthako kumachitikira pati?

Kernel imaonetsa mfundo zake ngati timafayilo m'chikwatu chotchedwa /proc/sys, ndipo lamulo lotchedwa sysctl ndi limene limawerenga ndi kusintha. Mukalemba sysctl -w n'kupereka mfundo ndi nambala yake, kusinthako kumagwira pompopompo koma kumaiwalika makina akazima. Kuti kukhazikike, mumalemba m'fayilo ya m'chikwatu cha /etc/sysctl.d, kenako n'kulamula sysctl --system kuti iwerengedwe. Ambiri amagwa apa: amasintha ndi lamulo loyamba lija, zinthu n'kuyenda, iwo n'kukwera njinga kubwerera. Magetsi akangothima kamodzi, seva imadzuka ndi makhalidwe ake akale.

Chonde, pamwamba pa mzere uliwonse umene mwalemba ikani ndemanga yonena tsiku ndi chifukwa. Adzabwere pambuyo panu sadzakhala ndi mwayi wokufunsani.

Tibwerere ku seva ya ku Ntchisi ija. Mzere wake ndi uti umene ukanapulumutsa tsiku ndi theka?

Ndi uwu: kernel.panic = 10. Kernel ikakumana ndi vuto loti singapitirire mosaika zolembedwa pachiswe, imaima dala. Kumeneko ndiko kumatchedwa panic. Mfundo ya kernel.panic imanena kuti idikire masekondi angati isanadziyatsenso, ndipo nambala imene imabwera nayo ndi 0, kutanthauza kudikira mpaka kalekale. Mukaika 10, imadikira masekondi khumi n'kuyambiranso yokha. Akalaliki amangoona sikirini yazima pang'ono, amapita kukamwa madzi, pobwera n'kupeza ntchito ikuyenda.

Pali mnzake wa mzerewu, kernel.panic_on_oops = 1. Nthawi zina kernel imapunthwa koma osagwa: chigawo chimodzi chalakwitsa, chaphedwa, zotsalazo zikuyesa kupitirira. Kwa munthu wosadziwa izi zimaoneka zabwino, poti makina sanazime. Koma kernel yopunthwa singadalirikenso. Ikhoza kusiya disiki itatsekedwa ndi chigawo chakufacho, kapena kulemba zinthu zosokonekera m'nkhokwe ya mayina a odwala kwa maola angapo wina asanazindikire. Mzerewu umauza kernel kuti ikapunthwa igwe kwathunthu, kuti mzere woyamba uja uidzutse ili yatsopano. Linux ya Red Hat imabwera itatchera kale chonchi, koma pa Linux ya Ubuntu muyenera kuika nokha.

Ndikudziwa kuti ambiri izi zimawavuta kumvetsa, kuti munthu wofuna makina osagwa aziwauza kuti agwe msanga. Koma ganizani dalaivala wa minibasi amene wayamba kuodzera pa zitunda za pakati pa Mvera ndi Salima. Ndi bwino aime pambali mphindi zochepa kusiyana n'kuti apitirize maso ali gwa koma mutu utagona.

Chenjezo ndi lakuti kudzidzutsa kumabisa matenda. Seva ikhoza kumagwa kawiri pa sabata chifukwa cha memori yowonongeka, inu osadziwa poti imadzuka yokha. Ndiye yatsaninso kdump, imene imasunga chithunzi cha zomwe zinali mu memori pa nthawi ya kugwako, ndipo mukapita kukayendera muziona kuti makina ayambiranso kangati kuchokera ulendo watha.

Chinanso si cha kernel koma n'chapachibale. Mu BIOS, mokonzera makina kernel isanadzuke, muli pofunsa kuti magetsi akabwerera makina achite chiyani. Sankhani kuti ayake okha. Mukapanda kutero, mabatire akatha usiku, m'mawa magetsi abwera koma seva ili duu kudikira chala.

Nanga ikangouma osanena kuti panic?

Zimachitika. Kernel ikhoza kukodwa mwakuti ngakhale mphamvu yolengeza kuti yagwa ilibe. Mankhwala ake ndi watchdog, kachipangizo kakang'ono ka pa bolodi ya makina kamene kali ndi wotchi yakeyake, kosadalira kernel. Pa sukulu zogonera mlonda amaimba chitsulo usiku kusonyeza kuti ali maso. Apa n'chimodzimodzi: makina amayenera kugogoda kwa watchdog pafupipafupi, ndipo ikapita nthawi yoikika popanda kugogoda, watchdog imawakakamiza kuyambiranso.

Pa Linux ya masiku ano mumatchera m'fayilo ya /etc/systemd/system.conf, pa mzere wa RuntimeWatchdogSec. Ine ndimaika sekondi 60. Mukafupikitsa kwambiri, seva imene yangotanganidwa ndi lipoti la kumapeto kwa kota idzadulidwa ili moyo. Onetsetsani kuti /dev/watchdog ilipo, chifukwa Ubuntu siyatsa yokha madiraiva a tizipangizoti. Makina akakhala opanda kachipangizoka pali softdog, yomwe ndi pulogalamu chabe. Imathandizako, koma imakhala m'kati mwa kernel yomweyo, ndiye kernel ikauma kotheratu nayonso yauma.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, zimene akalaliki angolemba kumene zimapita kuti?

Funso ili ndi limene liyenera kudetsa nkhawa woyang'anira chipatala kuposa onse. Kulemba pa disiki n'kochedwa, choncho kernel siithamangira kulemba chilichonse chikangobwera. Imasunga kaye mu memori n'kuuza pulogalamu kuti zatheka, kenako n'kudzalemba zambiri pakamodzi. Pa msika wa soya kapena mtedza mumaona wogula akulemba makilogalamu pachikhatho anthu akachuluka, kuti akakopere m'buku mzere ukachepa. Ntchito imafulumira, koma mvula ikagwa asanakopere, za pachikhatho zapita. Memori nayo imafufutika moto ukachoka.

Mfundo zinayi ndi zimene zimalamulira pachikhathopo. Kernel imadzutsa wolemba wake masekondi 5 aliwonse, ndipo chilichonse chimene chakhala masekondi 30 chimayenera kutsikira pa disiki. Zosalembedwa zikafika magawo 10 pa 100 a memori imene ilipo, kulemba kumayamba chakumbali, zikafika 20 pa 100 mapulogalamu amaimitsidwa kaye mpaka zitachepa. Ziwiri zomalizazi ndi vm.dirty_background_ratio ndi vm.dirty_ratio. Pa seva ya memori ya 16 GB, magawo 20 amenewo akhoza kufika pafupifupi 3 GB zoyandama. Ku malo a magetsi osadalirika zimenezo n'zambiri. Ine ndimagwiritsa ntchito abale ake, vm.dirty_background_bytes ndi vm.dirty_bytes, amene amalola kutchula muyeso weniweni, monga 64 MB ndi 256 MB, kuti pachikhatho pasadzaze.

Koma ndinene zoona zake zonse. Nkhokwe monga MySQL ili ndi njira yakeyake yokakamiza kernel kuti ilembe pa disiki isananene kuti mbiri ya wodwala yasungidwa. Mfundo yake ndi innodb_flush_log_at_trx_commit, imene imabwera ili pa 1, ndipo pamenepo ndi poyenera. Achinyamata ena amawerenga pa intaneti kuti kuika 0 kapena 2 kumafulumizitsa, n'kusintha. Kumafulumizitsadi, koma mtengo wake ndi wakuti moto ukachoka zimene zalembedwa m'sekondi yomaliza zikhoza kusowa. Sekondi imodzi ndi mayi mmodzi amene walandira mankhwala a miyezi itatu koma makina akukana kuti anabwera. Musagwirepo pamenepo. Pomwe mfundo za kernel zija zimaluma kwambiri ndi pa mafayilo wamba, makamaka kope la zolembedwa limene limatengedwa usiku. Lamulo lokopera limaoneka kuti latha, munthu n'kuzula fulashi kapena magetsi n'kuthima, pomwe theka la fayilo linali lidakali mu memori. Ndinaonapo kope la dzina lolondola ndi tsiku lolondola, koma m'kati mwake mulibe kanthu. Kuyambira pamenepo, kumapeto kwa lamulo lililonse lokopera ndimaikako sync, lomwe limadikira mpaka zonse zitatsikira pa disiki.

Ndipo ngati UPS yanu, bokosi la batire losunga moto, ili ndi polumikizira chingwe cha USB, ilumikizeni ku seva n'kuika pulogalamu ngati NUT, kuti batire likatsala pang'ono seva izidzithimitsa mwadongosolo. UPS imene imangolira m'chipinda chokhoma Loweruka usiku siithandiza aliyense.

Ndamva kuti kernel imatha kupha pulogalamu yokha. N'zoona?

N'zoona. Memori ikatheratu, kernel imasankha pulogalamu imodzi n'kuipha kuti zina zipume. Chochita zimenezi amachitcha OOM killer, ndipo kawirikawiri chimaloza imene yadya memori yambiri. Pa seva ya chipatala imeneyo ndi nkhokwe, pulogalamu imene simukufuna kuti ife. Pulogalamu iliyonse ili ndi nambala yotchedwa oom_score_adj, yoyambira pa -1000 kufika pa 1000. Ikakhala yotsika, pulogalamuyo imatetezeka. Mu fayilo ya systemd ya nkhokweyo ikani OOMScoreAdjust yotsika, monga -800, ndiponso Restart=on-failure kuti ikafa idzutsidwe.

Za vm.swappiness, mfundo yolamulira swap (malo a pa disiki othandizira memori ikachepa), anthu amakangana kwambiri kuposa kufunika kwake. Imabwera ili pa 60. Pa seva ya nkhokwe kuitsitsa kufika pa 10 n'kwabwino. Kuchotseratu swap sindikulimbikitsa, chifukwa swap imapatsa makina mpata wochedwa m'malo mofa.

Seva yathu ili ndi madisiki awiri. Si ndiye kuti tatetezeka?

Mwatetezeka ku imfa ya disiki imodzi, ngati wina akuyang'ana. Pa RAID 1 kernel imalemba chilichonse pa madisiki onse awiri, ndipo imodzi ikafa imangopitiriza ndi yotsalayo mwakachetechete. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwakenso ndi komweko. Tsegulani fayilo ya /proc/mdstat. Mukaona ma U awiri ogundizana, madisiki onse ali moyo. Mukaona U mmodzi ndi kamzere kapansi, mukuyendera mwendo umodzi, mwina kwa miyezi. Phunzitsani munthu mmodzi wa pamalopo kuona kachizindikiro kameneka Lolemba lililonse.

Komanso madisiki awiriwo ali m'bokosi limodzi. Mphenzi ikalowa, wakuba akathyola zenera, kapena wina akafufuta mayina molakwitsa, onse awiri apita limodzi. Kope la tsiku ndi tsiku lizigona m'nyumba ina.

Bwanji osagula maseva awiri kuti ina ikagwa inzake itenge ntchito?

N'zotheka, ndipo zida zake n'zaulere. Corosync imathandiza maseva kumvana kuti onse ali moyo, Pacemaker imasankha kuti ntchito ikhale kwa ndani, DRBD imakopera disiki ya ina kupita kwa inzake kudzera pa netiweki. Koma pali vuto limene ogulitsa makina satchula kawirikawiri. Khoswe akadula chingwe cholumikiza awiriwo, seva iliyonse imaona ngati inzake yafa, ndipo iliyonse imadzilonga ufumu. Kuchipinda cholembera mayina akulemba ku seva ina, kogawira mankhwala akulemba ku inzake. Chingwe chikakonzedwa mumakhala ndi mabuku awiri osagwirizana, ndipo palibe lamulo limene lingawaphatikize. Zimatengera munthu kukhala pansi n'kufananiza mzere ndi mzere. Anthu a kuno amene anaonapo mudzi wokhala ndi anyakwawa awiri, aliyense akugawa minda yomweyo, akudziwa kuti mlandu wotere sutha msanga.

Kupewa kwake n'kwankhanza koma kulibe njira ina: seva isanatenge ntchito iyenera kutsimikiza kuti inzake yazimitsidwadi. Mwina imaidulira moto kudzera pa chipangizo chapadera, mwina yotayikayo imadzizimitsa yokha ndi watchdog ija. N'chifukwa chake pa maseva olumikizana watchdog ndi panic_on_oops si zosankha. Seva yokomoka koma yosafa ndiyo yoopsa kwambiri, poti ikhoza kutsitsimuka n'kuyamba kulemba pomwe inzake yatenga kale ntchito. Pamafunikanso mboni yachitatu, ngakhale kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi, kuti pakakhala kusamvana awiri apose mmodzi.

Maganizo anga ndi awa. Pa chipatala cha boma pomwe pali katswiri tsiku lililonse, maseva olumikizana ali ndi malo ake. Pa chipatala chaching'ono cha ku Malomo kapena ku Nambuma, dongosolo lotere limabweretsa mavuto ambiri kuposa amene limachotsa. Kuli bwino seva imodzi yokonzedwa mosamala, ndi ina yokonzeka kale itazimitsidwa, itazulidwa kukhoma kuti mphenzi isaifike, pamodzi ndi pepala lofotokoza mmene angaiyatsire ndi kuikamo kope la usiku.

Netiweki ikaduka, n'chifukwa chiyani pulogalamu imangozungulira nthawi yaitali osanena kuti yalephera?

Chifukwa kernel inaphunzitsidwa kudekha. Uthenga ukapanda kuyankhidwa imabwereza, ikutalikitsa nthawi yodikira ulendo uliwonse. Mfundo ya net.ipv4.tcp_retries2 imabwera ili pa 15, zomwe zimakwana mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu isanagonje. Ndipo kulumikizana kumene kwangokhala chete, kernel imadikira masekondi 7200, maola awiri athunthu, isanafunse ngati mbali inayo ilipo. Imeneyo ndi net.ipv4.tcp_keepalive_time. Pakati pa maseva awiri a m'chipinda chimodzi manambala amenewa ayenera kutsika kuti kufa kwa ina kudziwike msanga. Koma ngati seva yanu imatumiza malipoti ku Lilongwe kudzera pa netiweki ya Airtel kapena TNM imene imabwera n'kuchoka kuseri kwa phiri, kudekha komweko ndi kumene kumafikitsa lipoti. Musakopere manambala a wina musanadziwe kuti chingwe chake n'chotani.

Kodi kernel yatsopano ikatuluka tiziika nthawi yomweyo?

Ayi, komanso musakhale zaka osaika. Kernel yakale imakhala ndi mabowo odziwika amene akuba a pa intaneti amalowera. Koma chilichonse chokhudza kernel chikalakwika sichigwetsa pulogalamu imodzi, chimagwetsa makina onse. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake ya chitetezo imene imagwira ntchito m'kati mwa kernel ya Windows. Microsoft inati makompyuta 8.5 miliyoni anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zina zinaimitsa maopaleshoni, ndipo makina ambiri anafunika munthu kuwafikira ndi manja. Linux nayo inalawapo: pa 30 Juni 2012 sekondi imodzi yoonjezera pa wotchi ya dziko lonse inadzutsa cholakwika mu kernel, maseva ambiri n'kusokonezeka. Dziwani kuti maseva awiri ofanana sakutetezani ku zotere, chifukwa onse amadwala nthenda imodzi pa ola limodzi.

Choncho gwiritsani ntchito mtundu wothandizidwa nthawi yaitali, monga Ubuntu LTS imene imalandira zokonza zaka zisanu. Yesani kernel yatsopano pa seva yosungira ija kaye. Ikani tsiku limene muli pomwepo, osati Lachisanu madzulo kudzera pa foni. Musafufute kernel yakale, kuti yatsopano ikakana mudzasankhe yakaleyo pa GRUB, mndandanda wosankhira kernel makina akamayaka. Ndipo amene adzakhale ndi mwayi wosamala makina a mtundu wa Stratus adziwe kuti kumeneko kernel imayenera kukhala imene kampaniyo inavomereza, poti madiraiva ogwirizanitsa zigawo ziwiri zija amamangidwa molingana nayo.

Wachinyamata wa kuno angaphunzire kuti zonsezi popanda seva yodula?

Pa kompyuta yakale iliyonse. Kernel imene ili pa seva ya banki ndi yomweyo imene mungaike pa laputopu yotha batire. Ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994 kuno ku Dowa, Remy Gakwaya wochokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, komwe achinyamata amaphunzira kulemba mapulogalamu ndi zipangizo zochepa kwambiri. Chimene ndimalakalaka n'chakuti pambali pa olemba mapulogalamu tikhalenso ndi ambiri odziwa kusamala makina amene mapulogalamuwo amakhalamo. Ntchito imeneyi siioneka ikamayenda bwino, ndipo mwina n'chifukwa chake ochepa amaifuna, koma boma lililonse likusowa anthu ake.

Tikakonza zonsezi, tidziwa bwanji kuti zikugwiradi?

Poigwetsa dala, inu muli pomwepo, kope litatengedwa kale. Linux ili ndi njira yake: mukalemba chilembo c m'fayilo ya /proc/sysrq-trigger, kernel imachita panic nthawi yomweyo. Mukatero chotsani manja pa kiyibodi n'kuyang'ana wotchi.

Nditabwerera ku chipatala chija patapita milungu iwiri, ndinadikira kuti odwala athe, n'kuitana a in-charge ndi akalaliki m'kachipinda kaja. Ndinagwetsa kernel iwo akuona. Sikirini inadzaza zilembo zoyera zomwe zija, ndipo a in-charge anandiyang'ana osayankhula. Tinawerenga limodzi mpaka khumi, mafani anakweza mawu, makina n'kuyambiranso. Pa mphindi zitatu ndi theka sikirini ya kolembera mayina inali itabwerera. Kenako ndinapempha akalaliki alembe dzina loyesera, ndipo atangogunda posungira ndinazula chingwe cha moto kuseri kwa seva.

"Achimwene, mwaiphatu," anatero.

Ndinabwezera chingwe, seva inayaka yokha, ndipo dzina lija linalipo. Koma tsiku pa sikirini linali la zaka zambiri zapitazo. Kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamene kamasunga wotchi ya makina moto ukachoka, kanali katatha, ndipo pamalopo panalibe intaneti yoti ikonze nthawi. Tikanapanda kuyesa, tsiku lina magetsi akanathima, seva n'kudzuka bwinobwino, n'kuyamba kupatsa odwala masiku obwerera olakwika. Kabatireko tinakapeza m'mawa mwake kwa wokonza mawotchi pa msika, ndipo akalaliki analemba tsiku limene takaika pa pepala lomata kuchitseko, pansi pa mzere wonena za ma U awiri aja.